Tizidya pati tikakhala paulendo?

Ine ndimalima kachewere konkuno ku Tsangano, ndipo njala ya paulendo ndimaidziwa.

Tsiku lina ku Furancungo ndinalowa m'baraka ina, yopentedwa bwino, nyimbo zili phuliphuli. Nyama yake inali yogona. Ndinatsegula m'mimba masiku atatu, matumba anga n'kugulitsa motchipa. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere!

Tsono mverani anzanga. Mukafika ku Macanga funani amayi ophikira poyera, nsima aomole mukuona, ndiwo zikhale nyemba kapena nkhwani wotendera. Kuno kwathu idyani tchipisi chotentha cha pachiwaya, mutsitsire thobwa. Pamene palibe madzi osamba m'manja, pitirirani basi.