Mbiri ya Chigayo cha Madzi: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka



Funso limene lafika ku Komiti ndi ili: kodi mitsinje yotsika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, monga Lingadzi ndi Chirua, singathe kupera chimanga? Lisanayankhidwe, nkoyenera kuti mbiri ya chigayo chotere imveke.

Chigayo cha madzi ndi mphero yomwe ija ya amayi, koma mkono wake ndi mtsinje. Anthu apatutsa madzi m'ngalande yolambalala phiri, nawagwetsera pa gudumu lamapiko. Gudumu lizungulitsa mtengo, mtengo uzungulitsa mwala wapamwamba, wapansi uli chikhalire. Mbewu zilowa pa chiboo cha pakati, ufa nutuluka m'mphepete. Nzeru imeneyi njakale ndithu. Pamene Mfumu William inawerengetsa chuma cha ku England mu 1086, alembi anapeza zigayo zoposa 5,000, ndipo m'mapiri a ku Nepal tizigayo totere tikali kupera chimanga m'midzi.

M'dziko lino mbiri yomveka ndi ya ku Livingstonia. Dr. Robert Laws anakhazika mishoni pa Khondowe mu 1894, ndipo mu 1905 madzi a Manchewe anayamba kupanga magetsi ounikira nyumba ndi kuyendetsa makina. A pa Nkula, mu Shire, anadza pambuyo, mu 1966.

Nanga m'midzi ya kumapiri kuno, kumene mishoni inafika pa Mvera mu 1889 ndi pa Kongwe mu 1894, bwanji mtondo unalamulirabe kufikira chitadza chigayo cha injini? Sikuti makolo analibe nzeru ayi. Mwala ukondana ndi tirigu wouma. Chimanga cha nsima yoyera chifuna kukonola, kupeta ndi kuviika, ndipo mphale yonyowa imamatira pamwala. Chimene mwala upereka mosavuta ndi mgaiwa, ufa umene masiku amenewo unkanyozedwa ngati chakudya cha kundende, ngakhale anamwino anena zoona kuti ndiwo wopatsa mphamvu. Komanso chigayo cha madzi sichisankha malo: chikhala kumene kuli mtsinje, kuchigwa, kotero kuti mayi atsike ndi dengu, nakwerenso nalo. Cha injini chinakhala pamsewu, pafupi ndi sitolo, ndipo chinapambana.

Koma kupambana kwake kuli ndi mtengo. Dizilo achokera kunja. Magetsi nawo anazima masiku ambiri mu 2017, madzi atachepa mu Shire, ndiponso mu 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira. Ndipo amene anagona pamzere kuchigayo ndi amayi ndi ana. Chifukwa chake maso abwereranso ku timitsinje. Kumpoto, m'mudzi wa Yobe Nkosi, Bambo Colrerd Nkosi anaunikira nyumba za anansi awo ndi madzi a kamtsinje, pogwiritsa ntchito chitsulo cha makina akale otongolera chimanga.

Tsono Bungwe lisafulumire kutulutsa ndalama. Mphamvu ya chigayo ndi kuchuluka kwa madzi pamodzi ndi kutalika kumene agwa. Magaloni 10 pa sekondi, ogwa mapazi 12, apereka mphamvu ya akavalo awiri, ndipo theka lake litayika m'gudumu. Mtsinje wa February unyenga aliyense. Woyenera kufunsidwa ndi wa October. Apo nkhalango ya Ntchisi, yotetezedwa kuyambira 1924, ndi ya Kongwe zilowa m'nkhaniyi, pakuti mtsinje wochokera m'mitengo uyendabe m'chilimwe, pamene wa phiri lometedwa usanduka mchenga.

Motero nthambi iliyonse yofuna chigayo itume anthu awiri mwezi wa October, ndi debe la magaloni 4, wotchi ndi chingwe choyesera. Atseke kamtsinje kuti madzi onse atulukire pamodzi, awerenge masekondi odzazira debe, ayese kutsetsereka kwa malowo, nalembe mtunda wochokera kumudzi. Mapepalawo afike kwa Mlembi mvula isanagwe.