MAGETSI A DZUWA: MLENDO TIMLANDIRE, KOMA TIFUNSE MTENGO

Nkhani ya lero ndi ya magetsi ocokera ku dzuwa, ndi makampani amene akubwera ndi ndalama zao kudzamanga malo opangirapo magetsiwa muno m'Zambia.

Kwa zaka zambiri magetsi athu akhala akucokera ku madzi: ku Kariba pa mtsinje wa Zambezi, ndi ku Kafue Gorge ndi Itezhi-Tezhi pa mtsinje wa Kafue. Mvula ikacepa, madzi amatsika, makina nawo amafooka. Zinatero mu 2015, zinateronso mu 2019. Mu February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca cakaco ndi tsoka la dziko lonse, ndipo m'miyezi yotsatira magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lathunthu. Zigayo zinaima, oocelera zitsulo anakhala manja lende. Koma dzuwa limene linaumitsa cimanga cathu ndi lomwelo lingatipatse magetsi.

Nchito yotere ifuna ndalama zambiri, ndipo Boma palokha silingathe zonse. Cifukwa cace mu 2016 kampani ya Boma ya Industrial Development Corporation, mothandizidwa ndi World Bank, inaitana makampani kuti apikisane poyera: amene adzagulitsa magetsi pa mtengo wotsika, ndiye amange. Neoen ya ku France pamodzi ndi First Solar ya ku America anapambana ndi masenti a ku America 6.02 pa yuniti imodzi. Enel ya ku Italy inapambana malo aciwiri ndi masenti 7.84. Mu 2019 malo onse awiri anayamba kugwira nchito kumwera kwa Lusaka: a Bangweulu a mamegawati 54, ndi a Ngonye a mamegawati 34. Musasokonezeke ndi maina. Nyanja ya Bangweulu ili kutali kumpoto, mathithi a Ngonye ali kumadzulo, koma malowa ali pafupi ndi likulu. Mu 2024 kampani ya Copperbelt Energy Corporation inatsegulanso malo a Itimpi ku Kitwe, a mamegawati 60, ndi ndalama zimene inabwereka kwa anthu ndi mabungwe osunga cuma.

Makolo athu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ndi zoona. Koma mvetsetsani bwino: ndalama zimenezi si mphatso. Kampani imaika zace, imabwerekanso zina ku mabanki, nimanga. Pa malo a Bangweulu ndi Ngonye, ZESCO inapangana kugula magetsi kwa zaka 25, pa mtengo wowerengedwa m'madola. Kwacha ikagwa, mtolo wa ZESCO umalemera, ndipo pomaliza wolipira ndi mwana wa Zambia amene amagula mayuniti. Ndico cifukwa mpikisano wapoyera uli wofunika. Mtengo wopangana m'cipinda cotseka udzawawa ngakhale adzukulu athu.

Dziwaninso kuti magetsi a dzuwa amapangika masana okha. Phindu lace ndi lakuti masana madzi a ku Kariba amasungika, kuti atiunikire usiku.

Tsono nayi mbali imene ikhudza inu a kumidzi. Malo otere amafuna nthaka yaikulu, yacidikha, yapafupi ndi mawaya a ZESCO, ndipo nthaka yotero yambiri ili m'manja mwa mafumu. Lamulo la Malo la 1995 linena kuti nthaka ya makolo isanasandulike ya lendi, mfumu ndi khonsolo ziyenera kubvomereza, ndipo anthu amene akugwiritsa nchito nthakayo ayenera kufunsidwa. Lendi yotere ingafike zaka 99. Munda ukacingidwa ndi waya, mbuzi sizidzadyamonso, ndipo nkhuni simudzatolamo.

Conco mlendo akafika ndi mapepala, itanani msonkhano wa mudzi wonse, amai asatsale. Funsani: Mufuna mahekitala angati, kwa zaka zingati? Amene ataya minda adzalima kuti, ndipo adzalipidwa bwanji? Ana athu adzagwira nchito yanji kumanga kukatha, pakuti posamala malowa pafunika anthu ocepa? Nanga sukulu, cipatala ndi cigayo cathu zidzaona magetsi? Funso lomalizali nlacikulu, cifukwa magetsi a malo akulu amalowa m'mawaya opita ku matauni ndi ku migodi, ndipo angadutse pamwamba pa denga lanu inu muli mumdima. Yankho liri lonse lilembedwe pa pepala, mboni zisainire, ndipo mudzi usunge kope lace.

Sindikuti mupitikitse obweretsa citukuko, iai. Dziko lifuna magetsi, ndipo kudalira madzi okha kwatiphunzitsa zowawa. Ndikuti safunsa anadya phula. Pitani mukafotokozere anzanu m'midzi mwanu, kuti tsiku lakufika mlendo lidzatipeze okonzeka.