Nyimbo za m'Kakhadi ka Foni

 Madzulo ano tikambirane za kanthu kakang'ono ngati cikhadabo, kaja timalowetsa m'foni, kamene ana athu amakachula kuti memory card.

Mwambo wace tiudziwa tonse. Tsiku la malipiro munthu apita kumsika, napeza mnyamata ali ndi kompyuta m'kantemba. Ampatsa ndarama pang'ono, ndipo asanathe n'kukambirana za mpira wa dzulo, nyimbo mazanamazana ndi mafilimu zalowa kale m'kakhadi. Munthu uja abwerera kukomboni wokondwa, pakuti adzamvera mwezi wonse osagula bandulo. Ine sindifuna kumdzudzula kwambiri mnyamatayo. Nchito n'zosowa, ndipo intaneti imadya ndarama ngati ciswe. Koma pa ndarama zija palibe ngakhale ngwee imodzi imene ifika kwa mwini nyimbo. Kodi inu mukagwira shifiti ya usiku, wina n'kukalandira malipiro anu pa windo, mungati ciani?

Akulu akumbukira gulu la WITCH la ku Kitwe, ndi woyimba wace Bambo Emmanuel Chanda, amene dziko limdziwa ndi dzina lakuti Jagari. M'zaka za m'ma 1970 malekodi ao, ndi a magulu ena monga Amanaz, anali kumveka m'nyumba ndi m'mabawa a ku Copperbelt konse, ndipo ku Ndola kunali makina opangira malekodi a kampani ya Teal. Mtengo wa mkuwa utagwa, anthu analibenso ndarama zogulira malekodi. Pambuyo pace kunadza makaseti okopedwa mwakuba, ochipa, nadzaza misika, ndipo malonda a malekodi anafa. Sindinena kuti makaseti okha ndiwo anapha nyimbo zimenezo. Umphawi ndi matenda zinatenga mbali yaikulu. Koma Bambo Jagari, munthu amene kale anali kudzaza maholo, anafika pomakumba miyala yamtengo wapatali kuthengo kuti adyetse banja. Zinthu zinasintha pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso nyimbo za WITCH mwa pangano, mu 2012. Nyimbo zace n'zomwezija, kusiyana kwace n'kwakuti tsopano ogula anali kulipira. Mu 2019 kunatuluka filimu yonena za gululi, mu 2023 anatulutsa nyimbo zatsopano zochedwa Zango, ndipo mkuluyu wayimba ku Ulaya ndi ku America ali ndi imvi.

Lamulo lilipo. Mu 1994 Boma linakhazikitsa lamulo loteteza eni nyimbo ndi eni mabuku, ndipo bungwe la ZAMCOPS limasonkhetsa ndarama kwa amene agwiritsa nchito nyimbo poyera, kuti zikafike kwa oyimba. Mu 2013 kunayamba kacizindikiro konyezimira komata pa ma CD ndi ma DVD enieni. Kanali kanzeru kabwino, koma kanadza mocedwa: nyimbo ya m'foni mungaimate pati?

Palinso vuto lina limene likhudza inu eni. Kompyuta ya m'kantemba imalandira makhadi a anthu ambiri tsiku liri lonse, ndipo virus ya m'khadi limodzi imafalikira m'onse. Ena mwaonapo zithunzi za ukwati zitazimirira, n'kutsala tizizindikiro topanda kanthu. Coopsa koposa ndico mapulogalamu amene anthu amatumizirana, olonjeza mafilimu onse kwaulere. Mukamaika pulogalamu yotere, onani zimene ipempha. Ngati pulogalamu yoonetsa filimu ifuna cilolezo cowerenga mameseji anu, kanani, pakuti m'mameseji momwemo ndimo mudzera manambala a ndarama zanu za pa foni.

Nanga tingamvere bwanji nyimbo kumalo kopanda netiweki popanda kubera munthu? Njira zilipo, ngakhale si zonse zaulere. Spotify inafika m'Zambia mu 2021. Wolipira pa mwezi akhoza kusunga nyimbo m'foni ali pa Wi-Fi, nazimvera paulendo wa ku Chipata kapena kumudzi. Foniyo ifunika kungolowa pa intaneti kamodzi pa masiku 30. Boomplay, imene ambiri anaipeza iri kale m'mafoni a Tecno ndi itel, nayo ilola kusunga nyimbo. Zoona, gawo lofika kwa woyimba pa nyimbo imodzi n'locepa zedi, ndipo oyimba amadandaula. Cifukwa cace ine ndikonda njira yakale: akabwera kudzayimba m'tauni mwanu, lipirani pakhomo, ndipo ngati agulitsa nyimbo zace yekha, gulani m'manja mwace.

Kwa inu a ana a sukulu ndiri ndi cinthu caulere ndithu, cololedwa ndi eni ace. Pali pulogalamu yochedwa Kiwix, imene inayamba mu 2007. Nchito yace ndiyo kuika Wikipedia ndi mabuku akale a Project Gutenberg m'foni kapena m'kompyuta, kuti muziwerenga popanda intaneti. Wikipedia yonse ya Cingerezi pamodzi ndi zithunzi n'njolemera, kuposa magigabaiti 100, koma anaigawa m'zigawo zing'onozing'ono: za masamu, za mankhwala, za mbiri yakale. Wikipedia ya Cinyanja iliponso, ngakhale ikali yaing'ono. Munthu mmodzi akaitenga pa Wi-Fi ya kunchito, aloledwa kukopera mnansi wace, mphunzitsi, komboni yonse, ndipo palibe wapolisi angamfunse kanthu. Mnyamata wa m'kantemba uja akadziwa zimenezi, atha kumaikira makolo maphunziro a ana ao m'kakhadi komweko, nalandira ndarama zace mtima uli m'malo.

Nthawi yanga yatha. Inu olowa shifiti ya usiku, mugwire bwino nchito.