MLIRI WA M'KANEMA NDI MLIRI WENIWENI



M'caka ca 2011 ku America kunaturuka kanema wonena za mliri, dzina lake Contagion. Pofika 2020 anthu ambiri anayamba kumuoneranso, namanena kuti analosera za Covid-19. Kodi analoseradi?

M'kanemayu nthenda icokera kwa mleme, nilowa mwa nkhumba. Wophika amene anagwira nyama ya nkhumbayo apatsana moni wa m'manja ndi mai wina wapaulendo. Maiyo abwerera kwao ku America pa ndege, namwalira patangopita masiku owerengeka. Pa anthu anai odwala, mmodzi afa. Pamenepo pabukanso munthu wabodza amene alemera pakunyenga anthu kuti mankhwala a duwa lina aciza nthendayo.

Zina mwa izi zinacitikadi. Covid-19 anaoneka koyamba ku Wuhan, m'dziko la China, mu December 2019. Anayenda ndi apaulendo, ndipo pa 2 April 2020 Boma linalengeza za odwala atatu oyamba m'Malawi muno. Mabodza a mankhwala nawonso sanacedwe kufala.

Koma kusiyana kulipo. Nthenda ya m'kanema igwetsa munthu msanga, aliyense naona kuti uyu wadwala. Covid-19 sanatero ai. Ambiri anacira, ena sanamve ngakhale mutu, komabe anali kupatsira anzao kumsika ndi kumaliro. Cifukwa ca ici anthu ena anaupeputsa mliriwo, kufikira mu January 2021 pamene nduna ziwiri za Boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi.

Kusiyana kwakukuru kuli pa katemera. M'kanema katemera apezeka m'miyezi yowerengeka, anthu namulimbirana, kotero kuti Boma licita maere pa masiku obadwa kuti lione woyamba kulandira. Nkhani ithera pomwepo. Kunja kuno nkhani siinathere pamenepo. Ku Britain anayamba kubaya anthu pa 8 December 2020, koma katemera woyamba anafika m'Malawi pa 5 March 2021. Wina anabwera atatsala pang'ono kutha mphamvu, pamene anthu ambiri anali kuopa jekeseni cifukwa ca mphekesera. Mu May 2021 Boma linatentha katemera wokwanira kubaya nthawi 19,610, amene anatha mphamvu asanalowe m'thupi la munthu.

Tsono phunziro lake nali. Kanema atha m'maora awiri, ndipo opulumutsa anthu ndiwo madotolo a kutali. Mliri weniweni ukhalitsa: bungwe la WHO linacotsa Covid-19 pa mndandanda wa ngozi za dziko lonse mu May 2023, zitapita zaka zitatu. M'zaka zotere mudzi upulumuka ndi nchito za eni ake: kusamba m'manja ndi sopo, kutengera wodwala kucipatala msanga, ndi kufunsa alangizi a zaumoyo m'malo momvera za m'maluwa. Mfumu ikayamba ndiyo kupereka mkono kwa wobaya katemera, anthu ake sacedwa kutsatira.