MLIRI, CHALICHI NDI MTIMA WA MUNTHU

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za mliri, ndi zimene mliri umacita ndi mapemphero athu ndi mitima yathu. Ena adzati, "Nthenda ya COVID-19 inapita kale, mutikumbutsiranji?" Nzoona kuti pa 5 May 2023 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti nthendayo siinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse lapansi. Koma m'makomboni mwathu alimo anthu amene mliri unawalasa osawatsokomoletsa ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo kufikira lero sanacire.

Tiyambe ndi za makolo athu. M'mwezi wa September 1918, pakutha pa nkhondo yaikuru yoyamba, sitima ziwiri za pamadzi zinakoceza ku Cape Town zitanyamula amuna akuda amene anakagwira nchito ya nkhondo ku Ulaya. Pamodzi nao panabwera cimfine coopsya. Amunawo atakwera sitima za pamtunda kunka kwao, nthenda inatsata njanji: inafika ku migodi ya Kimberley, inafika ku Bulawayo, ndipo inaoloka Zambezi kulowa m'dziko lathu lino. Mu South Africa mokha akuti munafa anthu ngati 300,000 m'masabata asanu ndi limodzi. Nthawi imeneyo kunalibe katemera wace, ndipo palibe dokotala anali atakaona kacirombo kace ndi maso.

Anthu otsala anafunsa funso limene mankhwala sayankha: Cifukwa ninji ife? Mmodzi wa iwo anali mai wamasiye wa Cixhosa, dzina lace Nontetha Nkwenkwe, wa kufupi ndi King William's Town. Anadwala cimfineco nacira, ndipo ananena kuti m'kudwala kwace Mulungu anamtuma kukalalikira kuti anthu aleke mowa ndi cigololo, ndi kuti agwirizane. Anthu ambiri anamtsata. Boma la Azungu linacita mantha ndi khamu limenelo, ndipo m'caka ca 1922 linamtsekera m'cipatala ca amisala ku Fort Beaufort, ndipo mu 1924 linamsamutsira ku Pretoria. Mu 1927 om'tsatira ena anayenda pansi masiku 55 kukamuona. Iye anafera komweko mu 1935, naikidwa m'manda opanda dzina, ndipo mafupa ace anabwerera kwao m'caka ca 1998.

Ine sindiri pano kuti ndiweruze maloto a mai ameneyu. Cimene ndiona ndi ici: anthu osweka mtima anathamangira ku pemphero, ndipo Boma linacha pemphero laolo misala. Kumeneko ndi kulakwa kwa mbali imodzi.

Mbali inayo ili ndi kulakwa kwacenso, ndipo ife opemphera tiyenera kukubvomera poyera. Pa 10 March 2020, m'cigawo ca Skagit ku America, anthu 61 a kwaya anasonkhana kuphunzira nyimbo kwa maola awiri ndi theka. Mmodzi yekha anali ndi cimfine. Patapita masiku owerengeka oposa 50 anadwala, ndipo awiri anamwalira. Anthuwa sanacite coipa ciri conse, anangoyimba. Koma munthu akamayimba amaturutsa mpweya wambiri wocokera pansi pa cifuwa, ndipo timadontho tating'ono tonyamula kacirombo timatsala tikuyandama m'cipinda cotseka mazenera. Inu a pansi pa mgodi mudziwa bwino kuposa ine kuti fumbi limene simuliona ndilo limaononga mapapo, ndi kuti pamalo popanda mphepo yolowa ndi kuturuka sipagwiridwa nchito. Kacirombo kamatsata lamulo lomwelo, ndipo sikafunsa ngati nyumbayo ndi chalichi kapena nyumba ya mowa.

Kuno kwathu Boma linalengeza odwala awiri oyamba pa 18 March 2020. Masukulu anatsekedwa, misonkhano inacepetsedwa, ndipo Pasaka wa caka cimeneco ambiri tinaumvera pa wailesi. Kwa dziko limene President Chiluba analicha la Cikristu mu December 1991, ici cinali cinthu cowawa. Ca kumapeto kwa April President Lungu analola kuti machalichi atsegulidwe motsata malamulo a zaumoyo, koma mabishopu a Katolika ndi atsogoleri ena anati ai, tiyambe tadikira. Ena anawanyoza kuti ngopanda cikhulupiriro. Ine ndiganiza kuti anacita mwanzeru. M'miyezi ya June kufikira September caka comweco, madokotala anapima mitembo 364 pa University Teaching Hospital mu Lusaka, napeza kacirombo mwa 70, ndipo ambiri mwa amenewa anafera kunyumba osapimidwa konse. Nthenda inali pakati pathu kwambiri kuposa mmene tinkaganizira. Ndiponso kupatula wodwala si nzeru yacilendo kwa wowerenga Baibulo: mutu 13 wa buku la Levitiko upatsa wansembe nchito yopima munthu wa nthenda ya pakhungu ndi kumbindikiritsa masiku asanu ndi awiri.

Tsono ndifike pa cimene candikambitsa nkhani iyi.

M'nyengo yozizira ya 2021, pamene mliri unabwera kacitatu ndi ukali woposa, masiku omwe aja dziko linali kulira Dr Kenneth Kaunda amene anamwalira pa 17 June, ine ndinataya akuru anga. Anagwira nchito pansi pa mgodi ku Kitwe zaka zambiri, ndipo cifuwa cao cinali cofooka kale. Anawatengera ku cipatala Laciwiri, ndipo Loweruka m'mamawa kunabwera lamya. Alamu anga sanaloledwe kulowa m'cipinda ca odwala. Mau otsiriza amene analankhulana ndi amuna ao anali a pa cipata, onena za bulangete.

Mudziwa mmene timalirira maliro m'tauni. Mipando imaturutsidwa, amai amakhala pansi m'nyumba kuzungulira wofedwa, amuna amaotha moto panja, makwaya amasinthana usiku wonse, ndipo tsiku la kumanda tonse timaona nkhope. Akuru anati maliro n'kulirana. Pa maliro a akuru anga zonsezi panalibe. Bokosi linabwera lotseka, tinali anthu owerengeka oima motalikirana, nsaru zili kukamwa, ndipo abusa anafupikitsa mwambo. Dzuwa lisanapendeke ali yense anali atabwerera kwace. Palibe anagona pa nyumba ya siwa.

Sindinena kuti a zaumoyo analakwa. Tikadagona anthu makumi asanu m'nyumba ya zipinda ziwiri, bwenzi titaika enanso mwezi womwewo. Koma mwambo umene tinausiyawo unali ndi nchito yace, ndipo palibe anaika cina m'malo mwace. Patapita miyezi itatu ndinapita kukaceza, ndipo ndinapeza alamu ataonda, khomo losasesa, ana akudziphikira okha.

Ndinati, "Alamu, kodi mulikugona bwino?"

Iwo anati, "Alamu, ndigona bwanji? Ine sindinawaone. Kapena m'bokosi muja munali munthu wina. Galimoto ya ku mgodi ikaima usiku ndimadzuka kukatsegula citseko."

Anthu a pafupi anali atayamba kale kunong'ona. Ena anati mzimu wa malemu wawakhala. Wina wa mpingo wina anati ndi ciwanda, ndipo anawauza kusala kudya masiku asanu ndi awiri, munthu amene anali atasiya kale kudya. Winanso anawadzudzula kuti Mkristu weniweni salira motero. Mau amenewa anawapweteka kuposa onse, pakuti anayamba kudziona ngati wocimwira Mulungu, ndipo analeka ngakhale kupemphera.

Abale anga, nthenda imeneyi madokotala aidziwa. Cisoni ca maliro si nthenda. Ciri conse cokhala ndi mtima cimalira. Koma munthu akatha masabata ndi miyezi osagona, osafuna cakudya, osakondwera ndi kanthu kali konse, osatha kugwira nchito, nadziona wopanda pace, kapena nayamba kunena kuti kuli bwino kufa, pamenepo cisoni casanduka matenda a maganizo, ndipo ali ndi cithandizo cace. World Health Organization inanena mu March 2022 kuti m'caka coyamba ca mliri matenda a nkhawa ndi kupsyinjika mtima anaonjezeka pa dziko lonse ndi gawo limodzi mwa magawo anai. Alamu anga sanali okha.

Bvuto lathu ndi lakuti tikamva za matenda a maganizo timaganiza za Chainama basi, ndi munthu wobvula zobvala pamseu. Cotero banja limabisa wodwala kufikira zinthu zitaipa. Cipatala ca Chainama Hills ciripodi mu Lusaka, koma si onse ayenera kufika kumeneko. Ambiri amathandizidwa pa kiliniki ndi pa zipatala zazikuru za m'zigawo, mwa kukambirana ndi wodziwa nchitoyo, ndipo ena ndi mankhwala. M'caka ca 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo wa maganizo m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda, ndipo lamuloli limuona wodwala ngati munthu wokhala ndi ufulu wace, wosayenera kungotsekeredwa monga anacitira Nontetha.

Amene anawaturutsa alamu anga m'dzenje limeneli ndi mai wina wacikulire wa cigwirizano ca amai, amene pa utsikana wace anagwirapo nchito m'cipatala ca mishoni. Sanawalalikire. Anabwera Lacinai liri lonse, nakhala nao pabwalo pansi pa mtengo wa mango, mphepo ikupita, namvetsera nkhani ya bulangete ija kangapo konse osatopa. Tsiku lina anati, "Mwana wanga, mawa tipita ku kiliniki, ndipo tikabwerako tidzapemphera." Anawaperekeza yekha. Ndiye anapemphanso abusa kuti pomanga manda pacitike mwambo wathunthu, ndi kwaya, ndi nkhata, ndi mbiri ya malemu, zonse zimene tinazisiya tsiku lija.

Mai ameneyu sanaone cosemphana pakati pa pemphero ndi kiliniki, ndipo mbiri ya dziko lathu igwirizana naye. Ndani anamanga St Francis ku Katete, Nyanje, Mwami, Macha, Chikankata ndi Mukinge? Ndi mipingo. Kuyambira 1970 zipatala za mipingo zili ndi bungwe lao, limene lero lichedwa Churches Health Association of Zambia. Ncifukwa cace zinandicititsa manyazi pamene katemera woyamba anafika mu April 2021, kumva alaliki ena akuuza anthu kuti jekeseniyo ndi cizindikiro ca cirombo ca m'buku la Cibvumbulutso. Anthu omwewo ali ndi cipsyera ca katemera pa dzanja kuyambira ali makanda, ndipo ambiri anabayidwa ndi masistere a mishoni.

A Boma naonso ali ndi phunziro lao. Pamene Ebola inabuka kumadzulo kwa Africa mu 2014, anchito a zaumoyo ankatenga mitembo ndi kuiika mofulumira popanda abale, ndipo anthu anayamba kubisa odwala ndi kuika maliro usiku, nthenda nkumafalikira. Zinthu zinasintha pamene abusa ndi mashehe anaitanidwa kukonza nao njira yoikira maliro mosapatsirana nthenda koma mwaulemu, abale akuona ali capatali, pemphero likunenedwa. Lamulo lopangidwa popanda atsogoleri a mapemphero anthu amalizembera.

Ndipo tisaganize kuti funso limeneli silidzabweranso. Mu January 2018, kolera itabuka mu Lusaka, misonkhano ya mapemphero inaletsedwa m'makomboni monga Kanyama, ndipo bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala. Mu January 2024 bwalo lomwelo linadzalanso odwala kolera, ndipo maliro anafupikitsidwanso. Mvula ikagwa pa zimbudzi zosefukira ndi zitsime zosazama, mbusa adzafunsidwanso kutseka citseko. Ndikadakonda kuti akuru a mpingo uli wonse akhale pansi tsopano, kusanabvute, nagwirizane kuti citseko cikatsekedwa ndani adzayendera amasiye, ndani adzaimbira lamya okalamba, ndi kuti wosagona tulo adzaperekezedwa ku kiliniki iti. Ndi inu amuna a ku mgodi, mnzanu wa gulu limodzi akaleka kuseka nayamba kumwa kuposa kale atataya mkazi kapena mwana, musamuseke. Mufunseni, ndipo mumfunsenso mawa lace.

Mwala wa pa manda a akuru anga tinaubvundukula mu August 2022. Alamu analira tsiku limenelo monga akadalirira poyamba, amai a cigwirizano atawagwira uku ndi uku. Tsopano amagulitsa tomato ndi kapenta pa msika, ndipo abwerera ku kwaya. Galimoto ya usiku ikaima akuti nthawi zina amadzukabe, koma citseko satsegula.

Nthawi yanga yatha. Amene muli ndi mau pa nkhani iyi tilembereni kalata, ndipo tidzawerenga ena mwa makalata anu sabata ya mawa nthawi yonga yomwe ino. Gonani bwino.