MIDZI YA UJAMAA KU TANZANIA: MAU KWA ALIMI NDI MAFUMU

Lero tikambe za anansi athu a ku Tanzania, kutsidya kwa nyanja, ndi m'mene anayesera kusonkhanitsa anthu m'midzi yolima pamodzi.

Mtsogoleri wao, Julius Nyerere, anali mwana wa mfumu ya ku Butiama. Anabadwa m'chaka cha 1922, nabatizidwa mu Mpingo wa Katolika ali mnyamata wamkulu kale. Iye anali wokonda Misa, ndipo ankaphunzitsa kuti Mpingo suyenera kungoyang'ana pamene anthu ali kuzunzika ndi umphawi. M'chaka cha 1967 chipani chake cha TANU chinalengeza ku Arusha njira ya Ujamaa, ndiko kunena kukhala monga banja limodzi.

Inu amene mumamva Ntchito za Atumwi m'tchalitchi mudziwa kuti Akhristu oyamba ankagawana chuma chao, ndipo panalibe wosowa. Komatu musaiwale zimene Petro anauza Ananiya: mundawo unali wake, ndipo palibe anamkakamiza kuugulitsa. Nyerere yemwe poyamba analemba kuti mudzi wa Ujamaa sungamangidwe mokakamiza.

Taonani za mudzi wa Litowa, pafupi ndi Songea. Anyamata ochepa anauyamba okha m'chaka cha 1960. Ankalima munda umodzi, napangana ntchito pa msonkhano, namanganso sukulu yao. Midzi ina itaona, inagwirizana nawo m'bungwe la Ruvuma Development Association, ndipo anagula chigayo ndi makina ocheka matabwa. Koma mu 1969 akulu a chipani analithetsa bungwelo, pakuti sanafune midzi yodzilamulira yokha.

Tsono kumapeto kwa 1973 lamulo linatuluka lakuti anthu onse akumidzi akhale atalowa m'midzi yatsopano pofika 1976. Anthu mamiliyoni anasamutsidwa. Ena anatengedwa pa malole, ndipo m'madera ena nyumba zao zakale zinagwetsedwa kapena kutenthedwa kuti asabwerere. Midzi yambiri inaikidwa m'mbali mwa misewu, kutali ndi minda, pa nthaka imene mlimi aliyense akanaikana akanafunsidwa. Chilala cha 1973 ndi 1974 chinaonjeza mavuto, kotero kuti Boma linagula chakudya kunja.

Zabwino zinaliponso ndithu. Anthu atakhala pamodzi kunali kwapafupi kuwamangira sukulu, zipatala zazing'ono ndi zitsime, ndipo ana ambiri anaphunzira kuwerenga. Koma minda ya onse sinapindule monga anayembekezera, popeza munthu salimbika pa khasu limene sanalisankhe. Nyerere anatula pansi udindo mu 1985, namwalira ku London mu 1999. Lero Mpingo umamutcha Mtumiki wa Mulungu pamene uli kufufuza za moyo wake.

Nanga inu mutolapo chiyani? Mutu umodzi susenza denga, ndipo dima mumalidziwa kuyambira kwa makolo. Koma ku dima munthu amaitanidwa, samangidwa chingwe. Inu mafumu, mukafuna munda wa mudzi, nkhokwe ya ana amasiye kapena dziwe la nsomba, yambani mwaitana anthu pabwalo. Funsani amai ndi nkhalamba zodziwa nthaka. Panganani poyera za kagawidwe ka zokolola musanagwire khasu. Wokana msiyeni, akadzaona nkhokwe itadzaza adzabwera yekha.