Mau Onenedwa pa Msonkhano wa Bungwe: Za Nyumba ya Mabuku

Ndapemphedwa kuti ndinene mau pang'ono pa nkhani ya nyumba ya mabuku. Ganizo langa ndi ili: nyumba yotere ili ngati mphika, imakhala pa mafuwa atatu, ndiwo Boma, chuma, ndi anthu eni mudzi.

Choyamba, Boma. M'chaka cha 1967 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa National Library Service kuti anthu onse aziwerenga. Koma m'chaka cha 1968 Boma lomwelo lidaika lamulo lopima mabuku, ndipo ambiri adaletsedwa m'masiku a chipani chimodzi, amene adatha mu 1994. Tsono tiona kuti dzanja limene lipatsa likhozanso kulanda.

Chachiwiri, chuma. Kuno kwathu ku Mtunthama, Dr. Kamuzu Banda adatsegula Kamuzu Academy mu 1981, ndipo nyumba yake ya mabuku adaimanga motsanzira Library of Congress ya ku Washington. Ndi yokongola ndithu, koma idamangidwira ophunzira a sukuluyo. Mwana wa mlimi wopachika fodya m'chigafa angoiona patali.

Chachitatu, anthu. Pafupi pomwepo, pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, padali kachipinda ka mabuku opatsidwa ndi anthu a ku America. Pa njala ya 2001 ndi 2002, mnyamata William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala adaleka sukulu ya sekondale posowa fizi. Sadampitikitse pa kachipindako chifukwa sadali wophunzira. Adabwereka buku lotchedwa Using Energy, ndipo ali ndi zaka 14 adamanga makina a mphepo ndi mitengo ya bulugama, njinga yakale ndi dayinamo, nayatsa magetsi m'nyumba ya atate wake. Mbiri yake idalembedwa m'buku mu 2009, ndipo yafika maiko akutali. Mabukuwo adadza ndi alendo, koma khomo adatsegula ndi anthu a pamudzi.

Pakuti zili chomwecho, tisakhale chete kudikira Boma kapena alendo. Ine ndipempha zinthu zinayi:

1. Mafumu apereke malo pafupi ndi sukulu kapena msika, naitane anthu awo kuumba njerwa monga tichitira pomanga tchalitchi.

2. Mlimi aliyense, pamene mabelo ake agulidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, apatule kangachepe. Ndalama ya fodya sikhalitsa m'thumba. Tikadikira mvula idzatipeza tilibe kanthu.

3. Bungwe lisankhe munthu wokhulupirika wosunga kiyi ndi kaundula wa obwereka, ndipo pasakhale kufunsa chipani, mpingo, kapena ngati munthu ali pa sukulu.

4. Mlembi alembe kalata kwa Bwana DC ndi ku National Library Service ku Lilongwe kupempha mabuku, makamaka a ulimi, a zaumoyo, ndi a m'chinenero chathu, monga Mbiri ya Achewa ya Samuel Ntara.

Mabwana, mutu umodzi susenza denga. Tikapita kwa Boma tili ndi nyumba yofolera kale, mau athu adzakhala olemera kuposa a munthu wodza chimanjamanja. Ndipempha kuti nkhani iyi ikambidwe lero, ndi kuti chimene tigwirizane chilembedwe m'buku la Bungwe.